Kodi dzuwa lingatsuke madzi a Mudi?

Amene anawolokapo mtsinje wa Mudi mumzinda wa Blantyre m'chilimwe safunika kumuuza. Fungo limakulonjerani musanafike n'komwe pamlatho. Madzi lero akuda, mawa achita thovu, koma kumunsi kwake amayi ali kalikiliki kuchapa, ena akuthirira ndiwo zamasamba zomwe timagula pamsika.

Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, inde. Kolorini nayenso amapha. Koma utoto wa m'mafakitale ndi mankhwala a mbozi okokoloka m'minda sachoka ndi chithupsa ayi. Apa ndi pamene akatswiri a sayansi akhala akuswa mitu kwa zaka pafupifupi 50, ndipo zida zawo n'ziwiri basi: ufa woyera ndi kuwala.

Nkhaniyi inayambira ku Japan. M'chaka cha 1972, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda analengeza kuti titanium dioxide akawombedwa ndi kuwala amatha kugawa madzi n'kutulutsa mpweya. Mu 1977, Steven Frank ndi Allen Bard ku Texas, ku America, anaonetsa kuti ufa wake umawononga poizoni wa cyanide m'madzi. Pofika 1985, Tadashi Matsunaga ndi anzake ku Japan komweko anali ataona kuti umaphanso mabakiteriya.

Dzinali lisakuopseni, abale. Ufa umenewu mumaudziwa kale. Ndiwo umayeretsa penti wa m'nyumba, ndipo umapezekanso m'mafuta ena oteteza khungu kudzuwa, monga amene abale athu achialubino amadzola.

Nanga umatsuka bwanji madzi? Kuwala kukagunda kambewu ka ufawu kumadzutsa kamphamvu ka magetsi pamwamba pake. Kamphamvuko kamasandutsa madzi ndi okosijeni zimene zakhudza kambewuko kukhala tinthu tolusa, tomwe timang'ambang'amba poizoni mpaka asanduke madzi ndi mpweya womwe timapumira kunja. Ufawo sutha. Uli ngati mphero: mapira amaperedwa, mwala n'kutsala.

Chinsinsi chagona pa kuchepa kwa timbewuti. Mukadula milimita imodzi m'zidutswa 1 miliyoni, kachidutswa kamodzi ndiye nanomita. Tsitsi la munthu limanenepa nanomita pafupifupi 80,000, pamene kambewu ka ufa wotchuka m'malabotale, wotchedwa P25, n'ka nanomita 20 ndi kanthu. Timbewu tonse ta m'galamu imodzi, mutayala khungu lake pansi, tingakute malo a masikweyamita 50, kukula kwa nyumba yabwino ndithu. Paja mchere wosinja umakolera msanga kuposa wamibulu.

Tsono ngati zili choncho, bwanji ufawu sunafike pachitsime? Apa mpamene pagona nkhani.

Choyamba, titanium dioxide amadzuka ndi kuwala kwa UV kokha, komwe n'kosapitirira magawo 5 pa 100 a kuwala kwa dzuwa. N'chifukwa chake akatswiri amamusakaniza ndi nayitirojeni kapena zitsulo zina kuti agwirenso kuwala komwe timaona ndi maso. Chachiwiri, madzi amatope salola kuwala kulowa. Chachitatu, mukatha kutsuka muyenera kuchotsa ufawo, koma sefa wamba saugwira. Mukaumata pagalasi vutolo limatha, koma liwiro limatsika. Ndipo ntchito ikalekezedwa panjira, poizoni wong'ambika theka akhoza kukhala woipa kuposa woyambayo.

Ku Almería, kum'mwera kwa Spain, akhala akuyesa luso limeneli padzuwa lenileni kuyambira m'ma 1990. Komabe malonda amene anayenda ndi ena: magalasi a mawindo odzitsuka okha, omwe kampani ya Pilkington inayamba kugulitsa mu 2001. Zoyesa zambiri zikadali za kapu ya madzi othira utoto mulabotale. Mtsinje si kapu.

Mwina wina afunsa: ife zikutikhudza pati? Eetu zikutikhudza. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza miyala ya rutile yochuluka zedi, malo amodzi mwa aakulu kwambiri padziko lapansi. Rutile ameneyu ndi titanium dioxide yemweyu. Zoona, mtundu wochangamuka potsuka madzi ndi wina, wotchedwa anatase, ndipo umafuna fakitale kuti upangidwe. Koma taganizani: mwala tili nawo, dzuwa tili nalo, madzi oipa tili nawonso. Kodi tidzagulitsa mchenga ndi matumba kuti tizikagula ufa ndi sipuni?

Ana athu a sayansi ku Zomba, ku Thyolo ndi ku Blantyre apatsidwe ndalama ndi zipangizo kuti ayese ufawu pa madzi enieni a Mudi, osati a m'kapu. Akalephera, tidzadziwa malire ake. Akapambana, luso lidzakhala lathu.

Koma eni mafakitale ndi akuluakulu a mizinda asamve nkhaniyi n'kupumira m'mwamba. Palibe ufa umene ungatsuke mtsinje wathunthu. Malo ake ndi pakamwa pa paipi, zoipa zisanagwere m'madzi. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Poizoni akalowa mumtsinje ndiye angaoledwe ndi yani?