CHAWAMA: MUDZI UMENE ANTHU ANADZIMANGIRA OKHA

Ndi Mtolankhani Wathu

Anthu ambiri a kumidzi ya Cigawo ca Kum'mawa ali ndi m'bale amene akhala ku Chawama, koma ndi ocepa amene adziwa m'mene komboni imeneyi inayambira.

Lusaka yemwe anayamba ngati kamudzi. Mfumu ya mudziwo inali Lusaaka, ndipo anthu ake anali kukhala cakufupi ndi kaphiri kochedwa Manda Hill, pamene paimirira Nyumba ya Malamulo lero. Njanji inafika m'caka ca 1905, ndipo mu 1935 atsamunda anasamutsa likulu la dziko kucoka ku Livingstone kudza kuno.

Koma mzinda watsopanowo unalibe malo okwanira a anthu akuda. Munthu wopanda nchito ndi citupa sanali kuloledwa kukhalamo. Motero ambiri anamanga timanyumba ta dothi pa mapulazi a Azungu, nalipira ndalama kwa mwini malo. Ndico cifukwa cake makomboni ena, monga John Howard, akali ndi maina a Azungu kufikira lero. Chawama nayenso, kummwera kwa mzinda, poyamba anali kuchedwa Roberts Compound.

Ufulu utabwera mu 1964, anthu ocokera kumidzi anaculuka koposa. Ngakhale zinali tero, lamulo linali kuwaona ngati okhala popanda cilolezo, ndipo banja lililonse linali kugona ndi mantha akuti nyumba yao ingagwetsedwe.

Zinthu zinasintha mu 1974, pamene Boma linakhazikitsa lamulo lolola eni nyumba kulandira ciphaso cokhalira pamalopo zaka 30. Ndi ngongole yocokera ku World Bank, nchito yokonza Chawama, George ndi makomboni ena inayambika. Anthu eni ake ndiwo anakhala pansi ndi atsogoleri ao kupangana podzera miseu, ndipo amene nyumba zao zinagwera mumseu anapatsidwa malo ena pafupi. Mipope ya madzi inaikidwa, ndipo nyumba za njerwa za simenti zinayamba kulowa m'malo mwa za dothi.

Mlendo wofika lero adzaona chalichi ca Katolika ca Regina Pacis, cipatala ca Chawama, misika yodzala ndi kapenta, makala ndi ndiwo zamasamba, ndiponso maenje akuluakulu m'mene anali kukumbamo miyala. Maenjewa ndi mboni ya thukuta la amene anamanga Lusaka, koma ndi ngozinso. Pansi pa dera lino pali thanthwe, madzi a mvula sapita msanga, ndipo kolera wasautsa anthu kangapo, monga mu 2017 ndi 2018. Kuno ndiko kumene malemu Edgar Lungu anasankhidwa kukhala phungu mu 2011, asanakhale Mtsogoleri wa dziko kuyambira 2015 mpaka 2021.

Miyambo ya kumudzi sinatsale m'njira. Maliro akagwa, oyandikana nawo asonkha ufa, makala ndi ndalama, nagona pamaliropo mosayang'ana mtundu wa womwalirayo. Alangizi akali kulangiza namwali asanalowe m'banja, ndipo amai a pamsika athandizana ndi cilimba. Mwezi wa February ena akwera basi kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo mu August Acewa alowera ku Kulamba ku Mkaika.

Codetsa nkhawa ndi cakuti okalamba amene anaona Roberts Compound ndi maso ao akutha mmodzimmodzi, pamene adzukulu ao ayesa kuti miseu ndi mipope zinalipo ciyambire. Akuluakulu anati mau a akulu akoma akagonera. Inu amene muli ndi agogo anakhalako ku Chawama, afunseni lero za kumene anafikira ndi m'mene anamangira, ndipo mwana wa sukulu alembe zonsezo m'buku, kuti mbiri ya mudziwu ingapite nawo kumanda.