Kambalame ka ku Nyika ndi Mbale Wake wa ku Mulanje

Mukaima m'munda wa mpunga pa Wovwe n'kuyang'ana kumadzulo, muona mapiri a Nyika. Mtsinje wa Wovwe umachokera kumeneko. Kumtunda kuja kuli nkhalango zowirira, zozizira, ndipo m'menemo mumakhala kambalame kena kamanyazi. Pakhosi pake ndi poyera, pachifuwa potuwa, kumchira kofiirira. Kamadya tizilombo pansi, m'masamba ogwa. Pachingerezi amakatcha olive-flanked robin-chat.

Kambalame kotereka kaliponso pa phiri la Mulanje. Kodi ndi kamodzimodzi?

Taganizani za chilumba cha Likoma. Madzi anachizinga mbali zonse. Nkhalango ya pamwamba pa phiri ili chimodzimodzi, kungoti yazingidwa ndi zigwa zotentha ndi minda. Kambalameka sikakhala kotentha. Tsono ka ku Nyika sikakumana ndi ka ku Mulanje, pakuti pakati pawo pali mtunda woposa makilomita 600. Kalikonse kamaswana kwawo komweko. Pakapita mibadwo yambirimbiri, nthenga zawo zimayamba kusiyana pang'ono.

Kusiyana kumeneku kunavutitsa akatswiri. M'chaka cha 1893 Mngelezi wina, G. E. Shelley, analemba za ka ku Mulanje nakapatsa dzina loti anomala. Mu 1903 anaona ka ku Nyika nayesa kuti ndi mtundu winawina, ndipo anakatcha macclounii. Pambuyo pake ena anayerekeza tonse tiwiri. Anapeza kuti kufanana kwachuluka kuposa kusiyana. Choncho anati mtundu ndi umodzi, koma nthambi ndi ziwiri. Nthambi zina zili m'mapiri a Tanzania ndi pa phiri la Namuli ku Mozambique.

Inu alimi a mpunga simungavutike kumva zimenezi. Kilombero ndi Faya zonse ndi mpunga, koma mayi akaphika, fungo lokha limakuuzani kuti uwu ndi uti. Kusiyana kwake n'kwakuti mbewu za mpunga anasankha ndi anthu, pamene mbalamezi zinasiyanitsidwa ndi mapiri.

Mwina mukuti, nanga ife zitikhudza bwanji? Nkhalango yomwe imasunga kambalameka ndi yomwenso imasunga akasupe. Nyika anaikhazikitsa kukhala malo osungira nyama mu 1965, komabe moto wa m'chilimwe umadya m'mphepete mwa nkhalango. Mitengo ikatha, madzi a mvula amatsika onse nthawi imodzi, ndipo mwezi wa Okutobala ngalande za kumunda zimaphwa. Kambalame kaja nako sikangasamukire kuchigwa kuno.