Alamu ya utsi imene agogo sangaimve

Ambiri mwa ife kuno ku Woolwich, Plumstead ndi Thamesmead timagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ena tili ndi makolo athu m'nyumba. Kudenga la nyumba zimenezi kumakhala kachipangizo koyera kozungulira kamene kamalira kakamva utsi. Funso lathu mwezi uno ndi lakuti: kakalira usiku, agogo aja angadzuke?

Kawirikawiri sangadzuke. Alamu wamba imalira mawu okwera kwambiri, kulira kwa tsiii, ndipo munthu akamakalamba mawu okwerawa ndi amene amayamba kumusowa m'makutu. Komanso amene amavala makina othandiza kumva amawavula pogona. Ndiye nthawi imene ngozi ili yaikulu ndi imenenso munthu sakumva kanthu. Musadalire kuti fungo la utsi limudzutsa. Utsi sudzutsa munthu wogona, umangomukomola, ndipo umapha moto usanafike n'komwe kuchipinda.

Pali alamu yopangidwira anthu oterewa. Imakhala ndi nyali yothwanima mwamphamvu komanso kachipangizo kafulati koika pansi pa pilo. Alamu yakudenga ikamva utsi, nyali imathwanima ndipo kapansi pa pilo kaja kamanjenjemera mpaka munthu kudzuka. Kusitolo mtengo wake ndi wokwera kangapo kuposa alamu wamba, ndipo n'chifukwa chake ambiri amangoti zisiye. Koma a London Fire Brigade amayendera nyumba kwaulere, amaona pamene pangabuke moto, ndipo pamene pakufunika amaika alamu osalipiritsa, kuphatikizapo iyi ya anthu osamva bwino. Amayambira amene ali pangozi kwambiri, choncho popempha nenani momveka kuti m'nyumbamo muli munthu wokalamba, wosamva, kapena woyenda movutika. Mukhoza kumupemphera mnzanu kapena agogo amene mumawasamalira, bola muyambe mwawafunsa iwo eni ndi kudziwitsa bwana wanu. Inde siteshoni ya ozimitsa moto ya Woolwich inatsekedwa mu 2014, koma ya Plumstead ilipo.

Kwa amene tikuchita lendi, lamulo lili kumbali yathu. Kuyambira pa 1 October 2015, landilodi aliyense ku England ayenera kuika alamu ya utsi pa nsanjika iliyonse imene pakukhala anthu, ndi kuonetsetsa kuti ikugwira ntchito tsiku limene mukulowa. Mu October 2022 lamuloli linafikanso ku nyumba za khonsolo ndi za mabungwe a nyumba, ndipo mukanena kuti alamu yawonongeka, ayenera kuikonza kapena kuika ina. Wokana akhoza kulipitsidwa mpaka £5,000 ndi khonsolo. Muuzeni polemba, ngakhale pa meseji, kuti mukhale ndi umboni.

Tinenekonso za khalidwe lathu. M'nyumba zogawana zipinda timaona alamu yovekedwa sokosi, kapena yochotsedwa batire chifukwa inasokosa wina akukazinga nsomba. Zimenezo ayi. Kukhitchini kumafunika alamu yomva kutentha, imene silira chifukwa cha utsi wa mafuta kapena nthunzi ya mphika wa nsima. Ya utsi ikhale m'khonde ndi pamwamba pa masitepe. Dinani batani lake kamodzi pamwezi, ndipo ikakwana zaka 10 igulidwe ina ngakhale ikuoneka yabwino.

Moto ukabuka, tulukani, tsekani chitseko, imbani 999. Amene samva kapena salankhula bwino akhoza kutumiza meseji ku 999, koma foni iyenera kulembetsedwa kaye: tumizani mawu akuti register ku 999, ndipo tsatirani zimene akuyankheni. Athandizeni agogo kulembetsa lero, masana kukuwala, magalasi ali kumaso.