Golidi wa ku Johannesburg ndi Mafunde a ku Nyanja

Mzinda wa Johannesburg, umene amigodi amaucha Joni, uli kutali ndi nyanja ya mcere. Koma cuma cace cinathandiza kukuza midzi ya m'mbali mwa nyanjayo, kumene anthu amasewera pokwera mafunde ataimirira pa thabwa.

Golidi anapezeka ku Johannesburg m'caka ca 1886. Mu 1895 njanji yocokera ku Durban inafika mumzindamo, ndipo Azungu a pa migodi anayamba kutsikira kunyanja kukapuma pa nyengo ya Krisimasi. Motero mahotela anacuruka ku Durban, kumene madzi ali ofunda caka conse. Mpikisano wa okwera mafunde umene unachuka ndi dzina la Gunston 500 unayamba komweko mu 1969.

Ena olemera koposa anasankha Muizenberg, pafupi ndi Cape Town. Sir Abe Bailey, mwini migodi, anali ndi nyumba kumeneko. Mafunde a ku Muizenberg ali ofatsa, amasweka pang'onopang'ono pamcenga. Cifukwa cace ophunzira amayambira pamenepo kufikira lero.

Koma amene anakumba golidiyo, pamodzi ndi amuna zikwizikwi a ku Nyasaland olembedwa ndi Wenela, sanalawe zokomazi. Lamulo la 1953 linalekanitsa mitundu pa malo opumulira, ndipo magombe okoma anasungidwira Azungu okha. Boma linawatsegulira anthu onse mu 1989, ndipo lamulolo linafafanizidwa mu 1990.

Tsopano mdzukulu wa wokumba golidi angathe kukwera basi pa Park Station usiku, nafika ku Durban m'mawa, nabwereka thabwa, nalowa m'mafunde wopanda womletsa.