Kulondola Mzere wa Makolo m'Dera la Wimbe

Kufufuza mbiri ya banja ndi ntchito yolondola mwadongosolo amene anabala munthu, amene makolowo anakwatirana nawo, kumene anakhala ndi kuikidwa, komanso kumene ana awo ndi zidzukulu anabalalikira. M'dera la Mfumu Yaikulu Wimbe, m'chidikha cha fodya cha boma la Kasungu, ntchitoyi imafunika kwambiri abale akamalimbirana munda, ufumu ukasowa woulowa, kapena munthu wobadwira ku Zimbabwe akabwera kudzafunafuna mudzi wa agogo ake, ndipo pa nthawi zoterezi ndi pamene zimaonekera poyera kuti pali njira ziwiri zowerengera chibale zimene sizikumana kawirikawiri. Mapepala a boma, a mpingo ndi a sukulu amatsata dzina la bambo, pamene mudzi wa Achewa umawerengera munthu kuchokera kwa mayi ake, kotero kuti wofufuza wongodalira mapepala amatha kujambula mzere wooneka wolongosoka koma wosiya kunja anthu enieni amene ali ndi mawu pa nthaka ndi pa ufumu.

Maziko a chibale cha Achewa ndi bere, kutanthauza gulu la anthu ochokera kwa mayi mmodzi kudzera mwa ana ake aakazi, ndipo m'mudzi umodzi mumakhala bere lalikulu, la mwana wamkazi woyamba kubadwa, ndi mabere aang'ono a omutsatira. Mbumba ndi alongo a mwamuna pamodzi ndi ana awo, ndipo mwamunayo, amene anawo amamutcha malume kapena tsibweni, ndiye mwinimbumba woimira onsewo pa milandu ndi pa maliro, komanso nkhoswe yawo pa ukwati. Pa chikamwini mwamuna amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, pamene pa chitengwa abale a mkazi amalola kuti akakhale kwawo kwa mwamuna, ngakhale kuti mwa mwambo anawo amakhalabe a kuchikazi. Kings Phiri, katswiri wa mbiri yakale amene anafufuza pakati pa Achewa a m'chigawo chapakati, anasonyeza m'nkhani imene anafalitsa mu 1983 kuti malonda a akapolo, kubwera kwa Angoni, mamishoni, maulendo a kunja ndi ulimi wa mbewu zogulitsa zinakulitsa mphamvu ya bambo m'banja popanda kuzula dongosolo la kuchikazi, ndipo n'chifukwa chake m'banja limodzi mumapezeka mbadwo wina wa chikamwini ndi wina wa chitengwa, zimene wofufuza ayenera kulemba pambali pa ukwati uliwonse.

Mfunda, umene ena amati chiwongo, ndi dzina la fuko monga Banda, Phiri, Mwale, Mbewe kapena Nkhoma, ndipo akazi amaitanidwa mwaulemu kuti Nabanda, Naphiri, Nambewe kapena Nankhoma. Popeza masiku ano anthu ambiri amatenga mfunda wa bambo, ana a mayi mmodzi amene anakwatiwa kawiri amatha kukhala mmodzi Banda wina Mwale chikhalirecho ndi a bere limodzi, pamene a Phiri awiri oyandikana minda angakhale opanda chibale chilichonse cholondoleka. Chitsanzo chodziwika ndi cha Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, amene anatenga mfunda wa bambo ake ngakhale mayi ake anali a kwa Phiri, ndipo amene anayenda naye ulendo wa ku South Africa anali malume ake, Hanock Msokera Phiri. Chaka chake chobadwa nachonso chimaphunzitsa kanthu, chifukwa boma linkanena kuti ndi 1906 pamene olemba mbiri ambiri amati ndi cha m'ma 1898, ndipo ngati zaka za mtsogoleri wa dziko zimasiyana chotero, za mlimi wa ku Wimbe wobadwa nthawi yomweyo sizingapezeke mosavuta papepala limodzi.

Pa chifukwa chimenechi kafukufuku amayambira pakhonde, kwa amayi achikulire a m'bere lililonse, amene ndiwo amasunga ndondomeko ya kabadwidwe ka ana. Agogo akamawerenga ana a mayi awo amapinda zala chimodzichimodzi kuyambira kwa woyamba kufikira kwa chitsirizira, ndipo akafika pa mwana amene anamwalira ali wakhanda amatsitsa mawu kapena kudumpha chala osatchula kanthu, kotero kuti wofunsa wachangu amalemba ana asanu pamene anabadwa asanu ndi atatu. Mwambo umafuna kuti wofufuza, ngakhale akhale mwana wa m'mudzi momwemo, ayambe waonekera kwa nyakwawa ndi kwa mwinimbumba n'kufotokoza chimene wadzera, chifukwa kufunsa za makolo mwakabisira kumamveka ngati kukonzekera mlandu wa munda. Mafunso ayenera kukhala olunjika, popeza mawu akuti mayi amaphatikiza alongo a mayi, aakulu ndi aang'ono, akuti bambo amaphatikiza abale a bambo, ndipo mchimwene kapena mchemwali angakhale mwana wa mayi aang'ono. Funso lothandiza ndi lofuna kudziwa amene anamubereka munthuyo ndi amene anangomulera. Asuweni, amene ndi ana a malume kapena a azakhali, ankaloledwa kukwatirana, ndipo ukwati wotere umabweretsa munthu mmodzi kawiri pa mzere womwewo, mbali ya bambo ndi mbali ya mayi.

Mayina nawo amasintha m'moyo wa munthu. Pali dzina la paubwana, lina lopatsidwa ku chinamwali, lina la ubatizo, lina limene munthu anadzipatsa polembedwa ntchito, ndipo mayi akabereka amayamba kudziwika ndi dzina la mwana wake woyamba mpaka zidzukulu kuiwala lake lenileni. Chovuta koposa ndi kulowa dzina, mwambo umene wolowa ufumu kapena umwinimbumba amatenga dzina la malemu pamodzi ndi chibale chake chonse, moti amatha kunena kuti ndiye anamanga mudziwo pamene akukamba za munthu wa mibadwo inayi yapitayo. Wofufuza afunse kuti dzinalo alilowa anthu angati, aliyense anali mwana wa mayi uti, ndipo analowa m'malo mwa malume kapena mkulu wake.

Kumene kulibe zaka zolembedwa, nthawi imapezeka poyika kubadwa, ukwati kapena imfa pambali pa chochitika chodziwika. Ku Kasungu zizindikiro zotere ndi kugonjetsedwa kwa mfumu Mwase ndi asilikali a Britain kumapeto kwa 1895, nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918 imene inatenga amuna ambiri kukakhala a tengatenga, mliri wa fuluwenza wa 1918 ndi 1919, njala ya 1949, ufulu wa 1964, kubwera kwa kwacha ndi tambala mu 1971, riferendamu ya 1993, ndi njala ya 2001 ndi 2002, imene William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe anaifotokoza m'buku lake la mu 2009. Kumanda kumathandizanso, koma sapitako popanda chilolezo cha mfumu ndi kuperekezedwa ndi adzukulu, amene pano akutanthauza okumba manda ndi kuika maliro, makamaka chifukwa nkhalango za manda ena zimakhudzana ndi dambwe la Gule Wamkulu. Chiliza chimamangidwa patapita zaka munthu ataikidwa, choncho tsiku la imfa lolembedwapo limakhala lodalirika kuposa chaka chobadwa, chimene kawirikawiri chimakhala chongoyerekeza.

Mapepala akale kwambiri okhudza anthu wamba ali m'manja mwa mipingo. Mishoni ya ku Kasungu, imene ikudziwika kuti Chilanga, inayambitsidwa ndi a Livingstonia ndipo inaperekedwa kwa a Dutch Reformed Church Mission m'zaka za m'ma 1920, kotero kuti mbiri ya banja la Chikhristu la nthawi imeneyo ingagawike pakati pa zolembedwa za Livingstonia, za Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, ndi zosungidwa ku Stellenbosch ku South Africa. Kaundula wa ubatizo amasonyeza dzina la wobatizidwa, makolo ake, mudzi ndi tsiku, ndipo m'maparishi a Katolika, kumene mabuku akale ankalembedwa m'Chilatini, ukwati wa munthu umalembedwanso pambali pa ubatizo wake, zimene zimalumikiza mabanja awiri pa tsamba limodzi. Malire a mabukuwa ayenera kudziwika: tsiku la ubatizo wa munthu wamkulu silisonyeza zaka zake, akazi a mitala ndi ana awo nthawi zambiri sanalembedwe, ndipo anthu amene sanalowe mpingo mulibemo n'komwe.

Boma linachedwa kwambiri kulemba nzika zake. Lamulo la 1904 linkakakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa kwa anthu amene sanali Aafirika okha, ndipo izi zinasintha ndi lamulo la kalembera wa nzika la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015 pansi pa National Registration Bureau, kenaka kalembera wa 2017 anapereka ziphaso za unzika kwa anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Okalamba ambiri pa kalemberayo anapatsidwa zaka zongoyerekeza, ndipo chiphaso sichisandutsa kuyerekezako kukhala umboni. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa bwanamkubwa, wa ku mpingo, wa mwambo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali n'kudziwika ngati banja, koma maukwati a mwambo a kale umboni wake ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo iwo akamwalira umboniwo umatsala m'kukumbukira kwa mbumba. Ku Zomba kuli nkhokwe ya zolembedwa zakale za dziko, imene inakhazikitsidwa mu 1947, ndipo kumeneko kuli mabuku a maboma ndi makalata a abwanamkubwa okhudza maufumu, malire ndi misonkho, ngakhale kuti zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda zinapsa pa moto umene unawononga likulu la boma ku Zomba mu 1919. Mabukuwa amatchula mafumu koposa anthu wamba, monganso mmene likuchitira buku la Samuel Josia Ntara la Mbiri ya Achewa, ndipo zimene analemba azungu zinachokera pakamwa pa amene anali pa mpando nthawi imeneyo, amene analinso ndi mbali yawo pa mikangano ya ufumu.

M'mizere yambiri ya ku Kasungu muli mpata wa matchona, amuna amene anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia kapena ku migodi ya ku Joni osabwereranso. Ena anapita okha wapansi, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe lolemba anthu opita ku Rhodesia, ndipo ena kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, limene boma linaliimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74. Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene anthu amati Theba, mpaka 1988. Kakhadi kong'ambika kokhala ndi nambala ya ntchito, kamene mabanja ena amakasunga m'sutikesi pamodzi ndi makalata akale, n'kofunika kuposa dzina, chifukwa ambiri ankalembetsa ndi mayina ena, ndipo zolembedwa za bungweli, zimene zina zikusungidwa ku University of Johannesburg, zimalondoleka bwino ndi nambala. Ana a matchona obadwira kunja nthawi zambiri amangodziwa boma ndi dzina la mfumu, ndipo popeza mayi awo anali a kumeneko, mwa mwambo alibe bere ku Wimbe, ngakhale kuti abale a bambo awo angawalandire ndi manja awiri.

Mpata wina, umene sukambidwa mokwanira, ndi wa matenanti. Maesiteti a fodya atachuluka ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mabanja ambiri ochokera ku maboma ngati Mulanje, Thyolo, Machinga ndi Mangochi anabwera kudzalima pa ngongole ya mwini munda, n'kumasamuka kuchoka pa esiteti ina kupita pa ina fodya akagulitsidwa. Ana awo anabadwira m'zisakasa za pa esiteti, kunja kwa kaundula wa nyakwawa aliyense, ena anakwatira kapena kukwatiwa m'midzi yozungulira, ndipo ngakhale lamulo la ntchito lokonzedwanso mu 2021 linathetsa utenanti, zidzukulu zawo zikufunikabe kutchula mudzi ndi mfumu polembetsa unzika. Kwa iwowa kulondola makolo kumafuna mayina a maesiteti motsatana ndi zaka zake, mpingo kapena mzikiti umene ankapembedzako, ndi mudzi wa kummwera umene agogo aakazi anachokera.

Zonsezi zikasonkhanitsidwa zimafunika kusankhidwa monga mlimi amasankhira fodya tsamba ndi tsamba asanadinde belo, kusiyanitsa zimene munthu anaona yekha, zimene anamva kwa ena ndi zimene zinalembedwa, popeza mzere wa makolo umakagwira ntchito pamaso pa malamulo atatu osiyana. Lamulo la mafumu la 1967 limafuna kuti wovomerezedwa pa ufumu akhale woyenera mwa mwambo, ndipo apa chimawerengedwa ndi bere. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana onse a malemu ndi amene ankamudalira, ndipo limaletsa kulanda katundu, kotero kuti apa chofunika ndi ndandanda wathunthu wa maukwati ndi ana, kuphatikizapo obadwa kunja kwa ukwati. Lamulo la malo a mafumu la 2016, lokonzedwanso mu 2022, linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi amayi osachepera atatu, ndipo polembetsa munda komiti imafuna kudziwa amene anayamba kuuswa mphanje, amene anamupatsa, ndi njira imene wadutsa kufikira kwa woulima lero.

Pali nkhani zina zimene akuluakulu amazinena motsitsa mawu, monga za kholo limene linabwera m'mudzi ngati kapolo kapena chikole, za chokolo, kapena za mwana amene bambo ake enieni ndi ena, ndipo wofufuza wanzeru amazilemba padera n'kufunsa eni ake asanazitulutse pagulu, chifukwa zingachotsere munthu wamoyo munda kapena ulemu. Pamene mabere awiri akusiyana pa nkhani imodzi, zonena za onse awiri zilembedwe moyandikana, chilichonse ndi dzina la wonena, mudzi wake ndi tsiku limene ananena, ndipo makope aperekedwe kwa mwinimbumba ndi kwa mayi mmodzi wa m'bere lililonse, kuti akawerengedwe mokweza ndi kukonzedwa pamene mbumba yasonkhana pa sadaka kapena pomanga chiliza.