Mwana Akasamuka, Dzina Lake Limatsala Kuti?

Mkokomo mukuumvawu, omvera athu, ndi wa madzi a Shire pa mathithi a Kapichira m'boma la Chikwawa. Pano ndi pamene mtsinjewu umamalizira kugubuduka m'miyala, kenako nkuyamba kuyenda mwaulemu m'chigwa chotentha, kudutsa Nchalo, Chiromo ndi Nsanje mpaka kukathira mu Zambezi. Sitima ya David Livingstone inalekezera pano mu 1859, italephera kukwera mathithiwa. Masiku ano pali makina a kampani ya EGENCO opukusa magetsi okwana mamegawati 129.6.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la pamalopa ndipo makina onse anaima. Sipanathe masiku, Mmalawi aliyense womvera wailesi anali atadziwa kuchuluka kwa magetsi omwe dziko lataya, chifukwa magetsi ali ndi mita yake. Koma madzi omwewo anapitirira kumunsi. Analowa m'midzi, m'minda ya chimanga ndi mapira, m'makalasi ndi m'maofesi a aphunzitsi aakulu. Sukulu zomwe zinapulumuka zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ndipo funso lomwe linavuta kuliyankha msanga linali lakuti: ana omwe dzulo anali m'makalasi aja, lero ali kuti, ndipo omwe adzabwerere ndi angati?

Nkhani yathu lero ndi ya kawerengedwe ka ana a sukulu, ndi ya khama lomwe dziko lino lakhala likuchita kuti mwana wa ku Chapananga, wa ku Makhanga ndi wa ku Chitipa alembedwe mofanana, maphunziro awo atchulidwe ndi mayina amodzi, ndipo mayeso awo apimidwe pa muyeso umodzi.

Kalekale sizinali choncho. Sukulu zoyamba zinabwera ndi amishoni, ndipo chigwa chino chinawaona msanga: mu 1862 a mishoni ya UMCA atachoka ku Magomero anadzakhala pa mudzi wa Chibisa, kufupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, ngakhale malungo ndi njala sizinawalole kukhalitsa. Amene anabwera pambuyo pawo anakhazikika, ku Blantyre, ku Livingstonia, ku Nkhoma, ndi kumapiri a ku Nsanje monga Lulwe ndi Chididi. Mpingo uliwonse unali ndi mabuku ake, makalasi ake ndi mayeso ake. Mwana wochoka ku mishoni ina kupita ku inzake ankayamba wayesedwa kaye kuti aone pomuika. Amishoni eniake anaona kuti izi sizikuthandiza, ndipo mu 1900 anakumana ku Livingstonia nayamba kugwirizana za ndondomeko imodzi ya maphunziro. Boma la atsamunda linalowererapo mochedwa. Mu 1907 linayamba kupereka mapaundi 1,000 pa chaka kuti amishoni agawane, ndipo nthambi yoona za maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, patatha zaka ziwiri kuchokera pamene nthumwi za Phelps-Stokes zinayendera sukulu za m'dziko muno. Boma likayamba kupereka ndalama limafuna kudziwa kuti ana alipo angati, ndipo kaundula wa sukulu anayamba kukhala nkhani ya boma kuchokera pamenepo.

Chaka chomwe chinagwedeza kaundulayu kwambiri ndi 1994. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Anabwera ang'ono ndi aakulu omwe, ena a ndevu zoyamba kumera akulowa Sitandade 1. Makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Boma linalemba aphunzitsi masauzande mwachangu, ambiri asanapite ku koleji. Kuyambira nthawi imeneyo, kugawa aphunzitsi, mabuku ndi choko mongoganizira kunakhala kosatheka.

Lero Unduna wa Zamaphunziro uli ndi dongosolo lotchedwa EMIS, ndipo mtima wake ndi kalembera wa sukulu wochitika chaka ndi chaka. Fomu yake ndi imodzi dziko lonse. Imafunsa za anyamata ndi atsikana m'kalasi iliyonse ndi zaka zawo, obwereza kalasi, osiya sukulu ndi zifukwa zake, ana amasiye, ana aulumali, aphunzitsi ndi maphunziro awo, zipinda zophunziriramo, madesiki, zimbudzi, mijigo ndi mabuku. Mphunzitsi wamkulu akadzaza, fomuyo imapita ku zoni, kumene kuli mlangizi wa sukulu za pulayimale yemwe aliyense amangoti a PEA. Kuchoka apo imapita ku ofesi ya zamaphunziro pa boma, nkukathera ku likulu ku Lilongwe. Dziko lino lili ndi maboma 28, koma a zamaphunziro analigawa m'maboma 34 ndi zigawo 6. Chikwawa ndi Nsanje ali m'chigawo cha South West pamodzi ndi Blantyre, Mwanza ndi Neno.

Koma chiwerengero chonsecho chimayambira pa chinthu chaching'ono: kaundula wa m'kalasi. Lowani m'kalasi ya Sitandade 2 m'mawa dzuwa lisanakwiye. Ana oposa zana akhala pansi, miyendo yatambasulidwa, makope ali m'timajumbo ta shuga. Mphunzitsi watsegula buku lalitali la mizeremizere, anyamata tsamba lawo, atsikana tsamba lawo, ndipo akuitana mayina mmodzimmodzi. Wina ayankha, wina ayankhiridwa ndi mnzake kuti wadwala malungo, wina akuti wapita kudimba ndi amayi ake, wina palibe akudziwa. Mphunzitsi achonga kapena aika kachizindikiro ka kujomba. Kuitana kokhako kumadya gawo la phunziro loyamba, ndipo mphunzitsi wotopa nthawi zina amangowerenga mitu. Mu ofesi ya ahedi, pa khoma pamakhala chipepala chachikulu cholembedwa ndi inki yakuda ndi yofiira, chosonyeza ana a kalasi iliyonse. Mlendo aliyense wochokera ku boma kapena ku bungwe amayamba wayang'ana pamenepo.

M'chigwa cha Shire vuto lalikulu ndi lakuti ana sakhala malo amodzi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anasamutsa midzi yathunthu, ndipo mtsinje wa Ruo unasintha njira nkudula dera la Makhanga. Mu Malichi 2019 kunabwera madzi a namondwe Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa theka la miliyoni m'chigawo cha kummwera. Kupatula madzi, pali ntchito ya m'minda ya nzimbe ku Nchalo yomwe imakoka mabanja nyengo yodula, pali njala yotumiza ana kwa achibale kumtunda, palinso malire a Mozambique omwe anthu amawoloka ngati akupita kutsidya kwa mudzi wawo womwe.

Tsono taganizirani mtsikana wa Sitandade 5 yemwe kwawo kwakokoloka, banja nkusamukira kumtunda. Sukulu yake yakale ikaona kuti sakubweranso, imamulemba kuti wasiya sukulu. Sukulu yatsopano, poti wabwera wopanda kalata ya transifa, imamulemba ngati mwana watsopano, mwinanso nkumubweza kalasi. Ku Lilongwe mwana mmodziyu aoneka kawiri: kwina ngati wotayika, kwina ngati wopezeka. Mnzake yemwe anakwatiwadi ali ku msasa angathe kukhalabe m'kaundula teremu yonse, chifukwa palibe anabwera kudzanena. Fomu ndi imodzi, inde, koma ngati sukulu ina imati mwana wasiya akajomba mwezi umodzi pamene ina imadikira chaka chithe, ziwerengero zawo sizingaphatikizidwe nkupereka choona. Zili ngati msika wa thonje womwe wogula aliyense wabwera ndi sikelo yakeyake.

Ndiye pali nkhani ya mayina ndi zaka. Mwana yemweyo kuno alembedwa ndi dzina la bambo ake, uko ndi la amalume ake omwe akumulera. Mayina ambiri a Chisena ochokera ku Chipwitikizi mphunzitsi aliyense amawalemba mmene wawamvera, kotero kompyuta imaona ana awiri pamene pali mmodzi. Zaka zoyambira sukulu ndi 6, koma kholo lopanda chikalata limangoti mwanayu anabadwa chaka cha madzi, ndipo kuno zaka za madzi nzambiri. Khadi la kusikelo likanathandiza, koma nalonso limapita ndi madzi pamodzi ndi kaundula wa sukulu. Aphunzitsi a m'chigwa chino amaidziwa ntchito yoyanika mabuku padzuwa, kumatula tsamba ndi tsamba mosamala, inki itayenderera moti dzina silikuwerengekanso.

Wina angafunse kuti kodi zonsezi zili ndi kanthu? Zili ndi kanthu kwambiri. Ndalama zotukulira sukulu zomwe boma limatumiza ku sukulu iliyonse ya pulayimale, za SIG zija, zimayang'ananso kuchuluka kwa ana. Aphunzitsi atsopano amagawidwa poona kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ana angati. Mabuku amapakiridwa m'galimoto potsata chiwerengero. Ufa wa phala womwe bungwe la WFP ndi anzake amathandiza nawo m'sukulu za ku Chikwawa ndi Nsanje umayezedwa pa mutu wa mwana. Sukulu yomwe yalandira ana mazana othawa madzi kalembera atadutsa kale imaphika phala la chiwerengero chakale, ndipo makapu omalizira amabwerera opanda kanthu. Kumbali inayi, pamene thandizo likutsata chiwerengero, chiyeso chosafufuta mayina a ana omwe anachoka kalekale chimakhalapo. Nchifukwa chake pulojekiti ya MESIP, yomwe inayamba mu 2016 ndi ndalama za Global Partnership for Education, ndipo Chikwawa inali limodzi mwa maboma ake, inaikapo mtima pa kulimbikitsa kutolera ziwerengero kuyambira ku zoni.

Ku mbali ya maphunziro enieniwo, dziko lino linapita patsogolo kuposa pa kuwerenga ana. Silabasi imakonzedwa malo amodzi, ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso amakonzedwa ndi bungwe limodzi la MANEB ku Zomba, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987. Mwana wa Sitandade 8 ku Ngabu amalemba pepala la masamu lomwelo, tsiku lomwelo, ndi mnzake wa ku Karonga. Pa mayeso a Fomu 4 a MSCE, phunziro lililonse limapimidwa kuyambira 1 mpaka 9, ndipo mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi omwe wakhoza bwino ndiwo amamutsegulira kapena kumutsekera khomo la ku yunivesite. Mayeso a Fomu 2 a JCE boma linawathetsa, otsiriza nkulembedwa mu 2016, koma anabwereranso mu 2021. Phunziro lomwe makolo ambiri analidziwa ngati Physical Science linagawidwa pawiri kukhala Physics ndi Chemistry. Kusintha kotere kumafuna kuti mayina ndi manambala a maphunziro asungidwe bwino, kuti satifiketi ya kholo ndi ya mwana zizitha kuyerekezedwa.

Komabe dzina lofanana pa pepala silitanthauza phunziro lofanana m'kalasi. Chemistry wa pa sukulu yogonera pomwepo yokhala ndi labotale, ndi Chemistry wa pa sekondale yoyendera ya kumudzi kumene mwana amangomva za mankhwala osawaona, onse amalembedwa ndi nambala imodzi ku MANEB. Apa ndi pamene kalembera wa EMIS amayenera kulankhula mokweza, chifukwa ndi iye amadziwa sukulu zopanda labotale ndi zopanda mphunzitsi wa sayansi.

Kutsidya kwa malire nkhani imakulanso. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, dziko lino linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ochuluka ndithu ali ku Nsanje. Kumapeto kwa 2024 enanso masauzande anawolokera ku Nsanje ndi Chikwawa pothawa zipolowe za chisankho. Mwana wotero amabwera ataphunzira m'Chipwitikizi, makalasi ake akuwerengedwa mwa mtundu wina, ndipo mphunzitsi wamkulu wa kuno ayenera kusankha pomuika. Pofuna kuti maiko azimvana pa zotere, bungwe la UNESCO linakonza muyeso wotchedwa ISCED m'zaka za m'ma 1970, nkuukonzanso mu 1997 ndi mu 2011. Pa muyeso umenewu, zaka zisanu ndi chimodzi zoyamba za sukulu zathu ndizo zimawerengedwa ngati pulayimale poyerekeza ndi maiko ena, ngakhale ife timafika Sitandade 8.

Chomwe chigwa cha Shire chikusowa ndi kaundula wotsata mwana, osati wotsata nyumba ya sukulu yokha. Mwana aliyense akhale ndi nambala imodzi yomwe ayende nayo kuchokera Sitandade 1 mpaka Fomu 4, yolumikizana ndi chikalata chake chakubadwa, yosungidwa pa sukulu, ku zoni ndi pa kompyuta ya ku boma, kuti madzi akatenga buku limodzi dzina lisapite nalo. Maziko ake alipo kale. Bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo mu 2017, ndipo lamulo limati mwana aliyense wobadwa alembetsedwe. Zinsinsi za anawa, monga za umasiye, ulumali kapena mimba, ziyenera kusungidwa mosamala kuti zisafike kwa osayenera. Ndipo ziwerengero zikapita ku Lilongwe zizibwereranso ku sukulu m'chinenero chomwe komiti ya sukulu, mafumu ndi amayi a mother group angamve, poti iwowa ndi amene amadziwa khomo lomwe mwana wosowayo ali.

Kalembera wa dziko wa 2018 anapeza anthu 564,684 m'boma la Chikwawa ndi 299,168 m'boma la Nsanje, ndipo gawo lalikulu la anthuwa ndi ana. Inu makolo a kwa Kasisi, kwa Maseya, kwa Makhuwira, kwa Tengani ndi kwa Ndamera, mvula isanayambe kamutengereni mwana wanu chikalata chakubadwa, muonetsetse kuti dzina lolembedwa pamenepo ndi lomwelo lili m'kaundula wa kusukulu, ndipo muchisunge m'pulasitiki pamalo okwera. Mukamasamuka, dzerani kwa aphunzitsi aakulu mukatenge kalata ya transifa.