Mmene Akatswiri a Tenisi Amapezera Malo pa Mpikisano Wotsiriza wa Chaka

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, m'nkhani yathu ya lero tikambirana za masewera a tenisi. Ambiri mwa inu amene mukuphunzira m'masukulu a ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi munazolowera mpira wa miyendo ndi mpira wa manja, ndipo kapena tenisi munangoiona pa wailesi ya kanema. Awa ndi masewera a anthu awiri kapena anai, amene amaima mbali ziwiri za ukonde namamenya kampira kakang'ono ndi chomenyera chotchedwa raketi. Pa dziko lonse lapansi pali amuna ndi akazi mazana-mazana amene tenisi ndiyo nchito yao ya tsiku ndi tsiku. Koma chaka chikamatha, m'mwezi wa Novembala, pamachitika mpikisano umene amaloledwa kulowamo anthu asanu ndi atatu okha. Tsono funso lathu ndi ili: kodi anthu asanu ndi atatu amenewa amapezeka bwanji?

Tiyambe tadziwa mpikisanowo. Wa amuna umatchedwa ATP Finals. Unayamba m'chaka cha 1970 mu mzinda wa Tokyo ku Japan, ndipo amene anapambana ndi Stan Smith wa ku America. Kuyambira 2009 kufikira 2020 unali kuchitikira ku London, ndipo mu 2021 unasamukira ku Turin m'dziko la Italy. Wa akazi umatchedwa WTA Finals. Umenewu unayamba mu 1972, ndipo m'zaka za 2024 ndi 2025 unachitikira ku Riyadh m'dziko la Saudi Arabia.

Palibe bungwe la akulu-akulu limene limakhala pansi kusankha amene likuwakonda. Ngakhale munthu atchuke chotani, dzina lake silimpatsa malo ai. Chimene chimampatsa malo ndi mapointi amene wasonkhanitsa kuyambira mu Januwale kufikira koyambirira kwa Novembala. Inu ana a alimi mudzamva msanga nkhani imeneyi, pakuti mukudziwa kuti nkhokwe sidzala ndi dengu limodzi la chimanga.

Tiyeni tione kumene mapointiwo amachokera. Mipikisano ya tenisi siili yofanana, ina ndi yaikulu, ina ndi yaing'ono. Yaikulu koposa ndi inai, ndipo imatchedwa Grand Slam. Woyamba ndi Australian Open, umene umachitikira ku Melbourne mu Januwale, pamene ife kuno tili pakati pa kupalira. Wachiwiri ndi Roland Garros wa ku Paris, umene umayamba kothera kwa Meyi, nthawi yokolola chimanga ndi kuthothola nsawa. Wachitatu ndi Wimbledon wa ku London, umene umatha mu Julayi, ife tikuotha moto chifukwa cha chisanu. Wachinai ndi US Open wa ku New York, umene umayamba kothera kwa Ogasiti, pa nyengo imene Achewa amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba.

Pa mpikisano uli wonse mwa inaiyi amalowa anthu 128. Wogonja kamodzi amatuluka, kotero kuti wofuna chikho ayenera kupambana kasanu ndi kawiri motsatizana. Kumbali ya amuna, monga mwa malamulo amene anayamba kugwira nchito mu 2024, wotenga chikho amalandira mapointi 2,000. Wogonja pa masewera otsiriza amalandira 1,300. Wofika pa anthu anai otsala amalandira 800, wofika pa asanu ndi atatu otsala amalandira 400, ndipo wogonja pa masewera oyamba amapita kwao ndi 10 okha. Chiwerengero cha akazi chimasiyana pang'ono, koma wotenga chikho amalandiranso 2,000.

Pansi pa inai imeneyi pali mipikisano isanu ndi inai yotchedwa Masters 1000, ndipo pansi pakenso pali ya ATP 500 ndi ya ATP 250. Maina ake omwewo akukuuzani mapointi amene wopambana amalandira. Palinso mipikisano ina yaing'ono kwambiri kumene oyamba kumene amayambirako, pakuti munthu saloledwa kulowa mu waukulu asanakwere pa mndandanda.

Pano pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri, choncho mvetserani bwino. Mindandanda ilipo iwiri. Woyamba ndi umene umaonetsa katswiri woposa onse pa dziko. Umenewu unayamba mu Ogasiti 1973, ndipo umawerenga mapointi a masabata 52 apitawo. Mapointi amene munthu anapeza mu Julayi chaka chatha amakhalabe ake kufikira Julayi wa chaka chino. Wachiwiri amautcha Race, kutanthauza liwiro. Pa mndandanda umenewu, chaka chikayamba aliyense amakhala wopanda kanthu. Katswiri amene anagonjetsa anzake onse chaka chatha ndi mnyamata amene sanapambanepo amayambira pa mzere umodzi. Mndandanda wachiwiriwu ndiwo umapereka malo pa mpikisano wotsiriza. Zili ngati pamene mukwera giredi yatsopano: mamalikisi a chaka chatha amatsala m'buku lakale, ndipo aphunzitsi amatsegula buku lina.

Dziwaninso kuti sawerenga mpikisano uli wonse umene munthu walowa. M'zaka za 2024 ndi 2025 anali kuwerenga mipikisano 19: inai yaikulu ija, isanu ndi itatu ya Masters 1000, ndi ina isanu ndi iwiri imene munthuyo wachitako bwino koposa. Lamulo limeneli limatchinga njira ya munthu amene angafune kumangozungulira m'mipikisano yaing'ono, kuthawa akatswiri anzake.

Tsopano tengani choko kapena pensulo, tichite masamu pang'ono. Wosewera woyamba watenga chikho ku Paris, koma pa mipikisano itatu yotsalayo wagonja pa masewera oyamba. Iye ali ndi 2,000 kuonjezapo 30, ndiye kuti 2,030. Wachiwiri sanatenge chikho ngakhale chimodzi, koma pa mipikisano yonse inai wafika pa anthu anai otsala. Iye ali ndi 800 kanai, ndiye kuti 3,200. Mwaona kuti wachiwiriyu ali patsogolo, ngakhale kuti sanaombereredwe m'manja monga mnzake. M'zaka za 2024 ndi 2025, mwamuna amene anatenga malo otsiriza anali ndi mapointi oposa 3,500. Akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Komabe opanga malamulo anaona kuti sikungakhale koyenera kusiya kunja munthu amene watenga chikho chachikulu. Chifukwa chake anaika lamulo ili: anthu asanu ndi awiri oyamba pa mndandanda amalowa mosakaika. Malo achisanu ndi chitatu amapatsidwa kwa munthu amene wapambana Grand Slam m'chaka chomwecho, ngati ali pakati pa nambala 8 ndi nambala 20. Ngati palibe wotere, malowo amatenga amene ali pa nambala 8. Lamulo limeneli linathandiza Goran Ivanišević wa ku Croatia mu 2001. Iye anapita ku Wimbledon ali pa nambala 125 pa dziko lonse, natenga chikho, ndipo pakutha pa chaka analowa mpikisano wotsiriza ku Sydney ngakhale sanali m'gulu la asanu ndi atatu oyamba. Chimodzimodzinso Barbora Krejčíková wa ku Czech Republic anapita ku Riyadh mu 2024 chifukwa chopambana ku Wimbledon. Koma zindikirani kuti ngakhale wotereyu ayenera kukhala mkati mwa anthu 20 oyamba.

Njira yachitatu ndi ya oyembekezera. Anthu awiri otsatira pa mndandanda amaitanidwa kuti akhale pafupi, kuti wina akadwala kapena akavulala iwo alowe m'malo mwake. Mu Novembala 2025 kunachitika zodabwitsa. Lorenzo Musetti wa ku Italy anali pa nambala 9, ndipo kuti apitirire Félix Auger-Aliassime wa ku Canada anayenera kutenga chikho ku Athens. Anafika pa masewera otsiriza, koma anagonja kwa Novak Djokovic wa ku Serbia. Zinaoneka ngati zake zathera pomwepo. Koma tsiku lomwelo Djokovic, amene anali atapeza kale malo, analengeza kuti sapita ku Turin chifukwa chovulala phewa, ndipo malo akewo anatenga Musetti. Pamenepa sitinganene kuti unali mwai wokha, pakuti malowo anapita kwa amene anali wotsatira pa mndandanda, ndipo kuti akhale wotsatira anagwira nchito miyezi khumi.

Asanu ndi atatuwo akasonkhana amagawidwa m'magulu awiri a anthu anai-anai. Aliyense amasewera ndi anzake atatu a m'gulu lake, kotero kuti wogonja kamodzi satuluka nthawi yomweyo monga zimakhalira kwina. Awiri ochita bwino m'gulu liri lonse amapitirira, ndipo pambuyo pake otsala awiri amalimbirana chikho. Kwa amuna, kupambana kamodzi m'gulu ndi mapointi 200, kupambana pa anai otsala ndi 400, ndipo kupambana kotsiriza ndi 500. Wopambana masewera onse asanu amalandira 1,500. Jannik Sinner wa ku Italy anachita zimenezi mu 2024 ndi mu 2025. Djokovic anatenga chikhochi kasanu ndi kawiri, komaliza mu 2023, ndipo kwa akazi Martina Navratilova anachitenga kasanu ndi katatu. Wolowa pambuyo sakhala wochepa mphamvu ai. Mu 2025 Elena Rybakina wa ku Kazakhstan ndiye anali wotsiriza kupeza malo, atachita bwino ku Tokyo mu Okutobala, koma ku Riyadh anagonjetsa onse amene anakumana nao.

Kapena mukufunsa ngati anthu a mbali ino ya Africa anafikako. Inde anafikako, ndipo ena ndi anansi athu a ku Zimbabwe, dziko limene abale athu ambiri anapitako kukagwira nchito. Don Black, amene anasewerapo ku Wimbledon, anakonza mabwalo a udzu pa munda wake wa mapeyala ku Harare, naphunzitsa ana ake Byron, Wayne ndi Cara. Ana amenewa anatchuka makamaka pa masewera a awiri-awiri. Pa masewera otere mapointi amawerengedwa a anthu awiriwo pamodzi, motero wosintha-sintha mnzake amamwaza mapointi ake. Wayne Black anasewera zaka zingapo ndi Kevin Ullyett, wa ku Zimbabwe komweko. Iwo anapambana US Open mu 2001 ndi Australian Open mu 2005, ndipo mu 2004 anafika pa masewera otsiriza a mpikisano wa kutha kwa chaka ku Houston. Cara Black anatenga chikho cha akazi katatu: mu 2007 ndi 2008 ali ndi Liezel Huber, ndi mu 2014 ali ndi Sania Mirza wa ku India.

Pa masewera a mmodzi-mmodzi, Kevin Anderson wa ku South Africa anapeza malo mu 2018. Chaka chimenecho anafika pa masewera otsiriza ku Wimbledon, ndipo mu Okutobala anatenga chikho ku Vienna, chimene chinamtsimikizira ulendo wa ku London. Ons Jabeur wa ku Tunisia analowa mpikisano wa akazi mu 2022 ndi mu 2023.

Sitiyenera kubisa kuti njira imeneyi ndi yolemera kwa mwana wa kwathu kuno. Mapointi amapezeka pa kuyenda m'maiko ambiri, ndipo woyamba kumene amadzilipirira yekha ndege, malo ogona ndi mphunzitsi. Maraketi ndi mabwalo abwino nazonso zimafuna ndalama. Koma pa kawerengedwe ka mapointi palibe tsankho: wochokera ku Chipata ndi wochokera ku Paris, akapambana mpikisano umodzimodzi, amalandira chiwerengero chofanana.

Aphunzitsi, mungathe kuyesa njira imeneyi pa sukulu panu popanda raketi kapena ukonde. Kumbani maenje a nsolo pansi pa mtengo, ndipo Lachisanu liri lonse pakhale mpikisano. Wopambana alandire mapointi 20, wachiwiri 13, ofika pa anai otsala 8, ndi ofika pa asanu ndi atatu otsala 4. Ana okha ndiwo aziwonkhetsa ndi kulemba mndandanda pa pepala lopachikidwa m'kalasi. Sabata lotsiriza la temu, asanu ndi atatu oyamba agawidwe m'magulu awiri. Mudzaona kuti mwana amene anapambana kamodzi kenaka n'kumajomba adzapitiriridwa ndi mnzake amene sanaphonye Lachisanu ngakhale limodzi.

Inu ana, tisanakumanenso, yankhani mafunso awa m'makope mwanu. Choyamba, kodi mndandanda wa masabata 52 umasiyana bwanji ndi wa Race? Chachiwiri, wosewera wina wapambana mpikisano umodzi wa Masters 1000, iwiri ya ATP 500 ndi itatu ya ATP 250: ali ndi mapointi angati? Chachitatu, ngati m'gulu la anthu anai aliyense asewera ndi anzake onse kamodzi, pakhala masewera angati m'gulumo, ndipo pa mpikisano wonse kufikira pa chikho pakhala angati? Mukapeza mayankho, muwaonetse aphunzitsi anu.